Mabisiketi a Chokoleti Opangira pa Mbaula

Kwathu ku Manje tilibe uvuni. Tili ndi mbaula ziwiri, ina yobooka pansi, ndi kahotipuleti kamene kamagwira ntchito pokhapokha magetsi akakhalapo. Komabe kwa zaka zambiri, Lachisanu lomaliza la mwezi pakhomo pathu pamatuluka thireyi ya mabisiketi a chokoleti okhala ndi timadontho toyera ndi tapinki mkati, ndipo pa nkhomaliro ya pa Sabata ana amayamba kusuzumira m'dengu la amayi mbale za mpunga zisanavundukulidwe n'komwe.

Anabweretsa kapangidwe kake ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Anakhala zaka zingapo ku Johannesburg akugwira ntchito ya m'nyumba, ndipo pobwerera anatenga mabulangete awiri, ketulo yamagetsi ndi kakope kodzaza ndi maphikidwe. Ambiri mwa maphikidwewo ankafuna uvuni, choncho anangogona m'kopemo. Amene anapulumuka ndi awa, chifukwa safuna china koma poto, mthiko ndi moto wa makala.

Chaka changa choyamba kuno ndinaganiza zoti ndizipeza ya sopo ndi ya bandulo pogulitsa mabisiketiwa. Ndinakopera zonse za m'kope muja, ndinagula zofunika, ndipo mnzanga wina amene amachita lendi kunja kwa kampasi anandibwereka khitchini yake. Ulendo woyamba ndinapanga phala lomata limene silinaume mpaka mawa lake, moti tinadya ndi masupuni. Ulendo wachiwiri ndinati ndiwiritse nthawi yaitali, ndipo zinatuluka zofumbutuka ngati dothi la mu Okutobala. Ndalama ya milungu iwiri inathera pamenepo. Ndinaimbira azakhali.

"Unayamba pati kuwerenga nthawi, mwana iwe?"

"Nditangoika poto pamoto, azakhali."

"Nanga kachiwiri?"

"Ndinangosiya mpaka nditaona kuti zalimba."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Wawononga shuga wa bambo ako. Umayamba kuwerenga thovu likafika pakati pa poto. Mphindi imodzi ndi theka, basi."

M'kope muja munalembedwa mawu atatu okha pa nkhani imeneyi, akuti "wiritsani mphindi 1½", chifukwa wolembayo ankadziwa kale zotsalazo. Nkhani ino ndi ya zotsalazo. Chimene chimaumitsa mabisiketi awa ndi shuga wowiritsidwa kufika pamlingo wake. Furiji kapena mphepo ya pakhonde zimangothandizira. Mukamvetsa zimene shuga akuchita mu poto, mutha kuwapanga pa mbaula, pa hotipuleti kapena pa mafuwa, ndipo zikalakwika mudziwa pamene zalakwikira.

Zimene zimalowa mu poto

Muyezo wa azakhali ndi kapu ya mamililita 250, yodzaza n'kusalaza pamwamba ndi mpeni. Zimene zimawira limodzi ndi makapu 2 a shuga, theka la kapu ya mkaka, magalamu 125 a majarini, masupuni aakulu 4 a koko wa ufa ndi kamchere kotsina ndi zala. Zimene zimalowa poto atachoka pamoto ndi theka la kapu ya chiponde, makapu 3 a oats ndi kapu imodzi ndi theka ya marshmallow woduladula. Vanila akakhalapo, supuni yaing'ono imodzi. Pamatuluka mabisiketi pakati pa 30 ndi 36, malinga ndi kukula kwa supuni yanu.

Shuga ndi wamba yemweyu wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo woyera ndi wabulauni onse amatheka. Mkaka wa ufa wosungunula ndi madzi umagwira ntchito chimodzimodzi ndi wa m'paketi. Pa majarini mpamene ambiri amapunthwa. Pali wolimba wokulunga m'pepala, wophikira, amene mafuta ake amafika pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, ndipo pali wofewa wa m'kabakuli wopaka pa buledi, amene mitundu ina theka lake kapena kuposa ndi madzi. Mukagwiritsa ntchito wofewayo mwathira madzi owonjezera osadziwa, ndipo mphindi imodzi ndi theka siikwana kuwachotsa. Onani pachikuto kuchuluka kwa mafuta. Ngati mwagula wolimba wa magalamu 500, dulani pakati, kenako pakatinso, gawo limodzi ndi limenelo.

Oats wabwino ndi uja wa tizidutswa ting'onoting'ono wophika msanga. Wamkuluwamkulu samwa madzi mwachangu ndipo amavuta kutafuna, koma mukamusinja pang'ono mumtondo amakhala bwino. Wina angafunse kuti, popeza oats ndi wokwera mtengo, bwanji osangothira ufa woyera kapena mgaiwa? Musayese. Oats amakhala atapyozedwa kale ndi nthunzi kufakitale asanamuphwanye, n'chifukwa chake amadyeka osamuphikanso. Ufa wa chimanga ndi wauwisi, ndipo kutentha kwa manyuchi sikukwanira kuupsetsa. Njira imene amayi amachepetsera mtengo ndi kuchotsa kapu imodzi ya oats n'kuikapo kapu imodzi ya mabisiketi a Marie ophwanya ndi botolo. A Universal Industries a konkuno ku Blantyre amapezeka pa okala iliyonse ku Manje, ndipo amawonjezera kukhukhuzika kumene oats yekha alibe.

Chiponde chili ndi ntchito ziwiri: chimapereka kukoma, komanso chimalimbitsa zosakanizazo zikamazizira. Ife Aadventisti tili nacho pachibale ndithu, pakuti Dr. John Harvey Kellogg wa ku Battle Creek ndi mmodzi mwa anthu amene anatchukitsa batala wa mtedza m'zaka za m'ma 1890, ngakhale agogo athu ankasinja mtedza wokazinga osamumvapo. Chosinja nokha chimakoma kuposa cha m'botolo, makamaka cha mtedza wofiira wa CG7 umene uli ndi mafuta ambiri. Koma sankhani mtedzawo umodziumodzi palichero. Wofota, wobooka, wosintha mtundu kapena wachuku, tayani. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Chinanso: timapaketi ta chiponde cha kuchipatala timene nthawi zina timapezeka mobisa m'misika ndi mankhwala a ana onyentchera. Kogula kapaketi kamodzi ndiye kuti mwana wina wagona osadya mankhwala ake.

Mphindi imodzi ndi theka

Musanayatse moto, konzani zonse. Yezani oats ndi chiponde, dulani marshmallow, pakani majarini pang'ono pa thireyi kapena yalani pepala lophikira. Kwathu timayala tsamba la nthochi lowaula pamoto, ndipo bisiketi imachoka bwinobwino. Ikaninso pafupi kapu ya madzi ozizira. Poto akachoka pamoto mudzakhala ndi mphindi zochepa kwambiri, ndipo si nthawi yofunafuna supuni. Poto akhale wamkulu, wokhuthala pansi, chifukwa zinthuzi zikawira zimafufuma kuwirikiza kawiri.

Ikani shuga, mkaka, majarini, koko ndi mchere pamoto wochepa, muzitakasa mpaka shuga yense atasungunuka. Apa musathamange. Tengani pang'ono ndi mthiko, muziziritse, mutikite pakati pa zala. Mukamva mchenga, shuga sanathe. Timibulu totsala timeneti timakhala ngati mbewu: zinthu zikamazizira, shuga wosungunuka amakanirira pa ito n'kupanga timibulu tikuluikulu, ndipo bisiketi imadzakhala yolumika ngati mwagwera mchenga.

Shuga akasungunuka, kupizani moto. Poyamba thovu limaoneka m'mphepete mwa poto mokha. Kumeneko si kuwira kumene azakhali ankanena. Dikirani mpaka pamwamba ponse pakubwata, pakati pomwe, ndipo ngakhale mutakasa thovulo silikuzima. Pamenepo ndiye yambani kuwerenga masekondi 90.

N'chifukwa chiyani nthawi yochepa chotere ili ndi mphamvu? Mu poto muli shuga wosungunuka m'madzi a mumkaka ndi a mumajarini. Kuwira kumachotsa madziwo ngati nthunzi, shuga n'kutsala. Madzi akamachepa, manyuchi amakhuthala ndipo amafuna kutentha kokulirapo kuti apitirize kuwira, choncho kutentha kwake kumasonyeza kuchuluka kwa madzi otsala. Opanga maswiti amadziwa kuti pakati pa madigiri 112 ndi 116, shuga amakhala atafika pafupifupi magawo 85 pa 100. Manyuchi otere akazizira sangathenso kusunga shuga yense ali wosungunuka, ndiye wina amabwerera kukhala timibulu tating'ono kwambiri tosamveka palilime. Timibulu timeneti ndi timene timagwira oats, chiponde ndi koko pamodzi, ngati simenti pa mchenga ndi miyala. Oats naye amamwa madzi otsalawo, mafuta n'kulimba. Mukachotsa msanga, madzi amakhala ochuluka, timibulu sitipangika mokwanira, ndipo mumapeza phala langa loyamba lija. Mukachedwa, madzi amatheratu, shuga amauma musanamalize n'komwe kusakaniza, ndipo mumapeza dothi langa lachiwiri lija. Kusiyana kwa ziwirizi nthawi zina sikufika mphindi imodzi.

Amene ali ndi thermometer ya kukhitchini asamale ndi manambala a m'mabuku. Madigiri 112 mpaka 116 ndi a malo otsika ngati m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene madzi amawira pa 100. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndipo kuno madzi amawira cha pa 96 kapena 97. Ndiye kuti kwa ife mlingo uja umatsika ndi madigiri atatu kapena kuposerapo pang'ono. Kumtunda kwa Ntcheu ndi Dedza umatsikanso kuposa apo, pamene ku Nsanje nambala ya m'buku imakhala pafupi kulondola. Wotsatira buku mwakhungu ali ku Lakeview adzapsereza manyuchi ake n'kumadabwa.

N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kapu ya madzi ozizira kuposa wotchi ndi thermometer zomwe. Moto wa mbaula suli wofanana: makala atsopano oyaka bwino amachotsa madzi msanga kuposa otsala pang'ono kukhala phulusa, ndipo poto wotakata amataya nthunzi msanga kuposa wozama. Ikakwana mphindi imodzi, donthezani manyuchi pang'ono m'madzi aja. Dontho likamwazika n'kudetsa madzi, sizinafike. Likakhala pansi n'kutheka kulikulunga ndi zala kukhala kampira kofewa, kamene kamaphwatalala pang'onopang'ono mukakaika pachikhatho, chotsani poto nthawi yomweyo. Kampirako kakalimba osaphwatalala, mwapitirira, koma musataye mtima: thirani masupuni aakulu awiri a mkaka, mutakase, muyesenso. Kuyesa kumeneku sikusamala zoti muli paphiri kapena kuchigwa, chifukwa kumakuuzani za manyuchi enieniwo.

Manyuchi owira amawotcha kuposa madzi owira ndipo amamatirira pakhungu. Ana akhale kutali ndi mbaula, ndipo musalawe ndi chala.

Poto akachoka pamoto, thirani chiponde ndi vanila, mutakase mpaka zitasalala, kenako oats yense nthawi imodzi. Ngati mukufuna mabisiketi 60, pangani maulendo awiri. Mukangowirikiza zonse mu poto mmodzi, madzi amachuluka koma kukamwa kwa poto kumakhala komweko, ndipo masekondi 90 aja sagwiranso ntchito.

Marshmallow, ndi funso la mayi wa Dorika

Marshmallow ndi mpweya wotsekeredwa m'shuga. Dzina lake linachokera ku chitsamba china chomera m'madambo a ku Ulaya ndi kumpoto kwa Africa, chimene mizu yake imatulutsa utomoni woterera ngati wa therere, ndipo ndi za banja limodzi ndi therere lobala lomweli. Anthu akale ankagwiritsa ntchito utomoniwo pochiza zilonda za pakhosi. M'zaka za m'ma 1800 opanga maswiti a ku France anayamba kuupuntha pamodzi ndi shuga ndi choyera cha dzira mpaka kuchita thovu. Ntchitoyo inali yotopetsa, ndipo m'kupita kwa nthawi utomoni wa chitsamba unalowedwa m'malo ndi jelatini. Dzina linatsala, chitsamba chinachoka.

Jelatini amasungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 35, kuchepera pang'ono kutentha kwa thupi la munthu, n'chifukwa chake marshmallow amangosungunuka m'kamwa. Koma n'chifukwa chakenso sapirira mu poto wotentha. Mukamuthira pamodzi ndi oats, amasowa yense, n'kungosiya kunanda. Mukadikira kwambiri, zosakaniza zimauma asanalowe. Azakhali amagawa pawiri. Akatakasa oats kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mpaka m'mbali mwa poto mutheka kukhudzika ndi kuseri kwa dzanja, amathira theka loyamba n'kutembenuza kawiri katatu basi. Limenelo limasungunuka pang'ono n'kusiya mizere yoyera. Kenako amatapa ndi supuni kuika pa thireyi mwachangu, ndipo wina amatsatira pambuyo akudinikiza tizidutswa totsalato pamwamba pa bisiketi iliyonse. Ndi ntchito ya anthu awiri. Podula, gwiritsani ntchito sizasi yoviika m'madzi kapena yopaka mafuta pang'ono, apo ayi muthera nthawi kumatula zala.

Tsopano nkhani ya jelatini. Sabata lina pa nkhomaliro, mayi wina wachikulire wa Dorika anatola bisiketi, n'kuiyang'anitsitsa, n'kufunsa amayi kuti, "Kodi mayi, mu tinthu toyerati muli chiyani?" Amayi anati ndi shuga. Mayiyo anaibweza m'mbale mwaulemu, nati mdzukulu wake anamuuza kuti zoterezi amapangira nkhumba. Madzulo ake, Sabata litatha, tinakatola paketi kudzala n'kuwerenga ndi tochi ya foni. Panalembedwa mawu amodzi okha akuti gelatine, osanena kuti ndi wa nyama yanji.

Mdzukuluyo sanalakwitse kwenikweni. Jelatini amapangidwa powiritsa zikopa ndi mafupa a nyama mpaka kutulutsa zomata zimene zimagwira minofu, zija zimachititsa msuzi wa mang'ina kuundana ukagona. Padziko lonse gwero lalikulu la jelatini ndi zikopa za nkhumba, kenako zikopa ndi mafupa a ng'ombe, ndipo pang'ono amachokera ku nsomba. Akamalizidwa sanunkha kanthu, salawika kanthu, ndipo palibe angasiyanitse ndi maso. Kwa munthu amene amatsata Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14, funso la mayi uja ndi lomveka.

Yankho lili pa paketi. Ambiri mwa ma marshmallow amene amapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Limbe ndi ku Chichiri amachokera ku South Africa, ndipo pamndandanda wa zosakaniza ena amalemba gwero la jelatini wawo. Mawu akuti bovine kapena beef amatanthauza ng'ombe, fish ndi nsomba, porcine kapena pork ndi nkhumba. Nthawi zina m'malo mwa dzina amalemba nambala yake, E441. Chizindikiro cha halaal, monga cha bungwe la SANHA la ku South Africa, chimatsimikizira kuti mulibe za nkhumba, ndipo pa nkhani imeneyi anansi athu Achisilamu anatichitira kale ntchito yofufuza. Amene amavuta ndi ma marshmallow ogulitsa limodzilimodzi m'chibotolo pa okala, amene paketi yake inatayidwa kalekale. Amenewo kwathu tinasiya kugula.

Mumpingo anthu amasiyana pa nkhaniyi. Ena amati jelatini wasinthika kwambiri moti salinso nyama. Ena amati chochokera ku nkhumba ndi cha nkhumba basi. Amene sadya nyama iliyonse amakana ngakhale wa ng'ombe. Si ntchito ya nkhani ya mabisiketi kuweruza mlandu umenewu. Maganizo anga ndi akuti wophikira anthu ena alibe ufulu wowasankhira mwachinsinsi. Mukanyamula thireyi kupita nayo kutchalitchi kapena kuhositelo, dziwani zimene zili mkati ndipo munene mukafunsidwa. Amayi masiku ano amadula kagawo ka paketi kolembedwa zosakaniza n'kukaika pambali pa mbale. Amapanganso theka la thireyi lopanda marshmallow, m'malo mwake amaika mtedza wokazinga wophwanya kapena mphesa zouma, ndipo kunena zoona limenelo ndi limene abambo ambiri amathamangira. Kulinso marshmallow wopangidwa ndi zomata za ndere za m'nyanja yamchere m'malo mwa jelatini, koma musamalize nsapato pomufunafuna m'Limbe.

Koko

Koko wofunika ndi ufa wakuda wowawa, wopanda shuga. Milo ndi zina zothira mumkaka sizilowa m'malo mwake, chifukwa mbali yaikulu ndi shuga, mkaka ndi chimera. Mukagwiritsa ntchito zimenezo mupeza bisiketi yotuwa yotsekemera mopweteka mano. Ufa wa koko unayamba kupezeka banja la Van Houten la ku Amsterdam litapeza mu 1828 njira yofinyira mafuta m'njere za koko, chotsalacho n'kuchipera. Lero koko woposa theka wa padziko lonse amalimidwa ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana. Zokolola zitavuta kumeneko chifukwa cha nyengo ndi matenda a mitengo, mtengo wake pamsika wa dziko lonse unadutsa madola 10,000 pa tani mu 2024. Onjezerani kutsika mphamvu kwa kwacha ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo muona chifukwa chake kachitini ka koko kanasanduka chinthu chobisa kuchipinda kwa amayi. Mwayi wake ngwakuti masupuni 4 okha amakwanira thireyi yonse. Musefe ndi sefa ya tiyi asanalowe mu poto, chifukwa amakonda kuundana.

Mudzafunsidwa za caffeine, ndithu. Koko ali nayo, koma pang'ono: supuni yaikulu imodzi ili ndi mamiligalamu pafupifupi 12, pamene kapu ya khofi imafika cha m'ma 90. Thireyi yonse ya mabisiketi oposa 30 ili ndi caffeine wosafika wa kapu imodzi ya khofi. Muli ndithu chinthu china cha mtundu womwewo chotchedwa theobromine, chofatsa kuposa caffeine. Mabanja ena a mumpingo, makamaka kunja, amagwiritsa ntchito ufa wa carob, wochokera ku zipatso za mtengo wa kumayiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, umene ulibe zonse ziwirizi. Mukaupeza, muyezo ndi womwewo, koma musauze munthu kuti ndi chokoleti, adzakukwiyirani.

Chimene ndikuona kuti n'chofunika kuchiganizira kwambiri kuposa caffeine ndi shuga. Makapu 2 ndi magalamu opitirira 400, ndiye kuti bisiketi imodzi ili ndi masupuni aang'ono atatu, tisanawerenge wa mu marshmallow. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya patsiku, kumene kwa wamkulu ndi masupuni aang'ono pafupifupi 12. Mabisiketi anayi akwanitsa kale. Ndipo simungangochepetsa shuga ndi theka monga mungachitire ndi tiyi, pakuti iye ndiye simenti ija. Mukachepetsa kwambiri, nyumba siima. Njira yotheka ndi kupanga ang'onoang'ono, ndi kusawapanga mlungu uliwonse. Azakhali, amene tsopano anauzidwa kuchipatala kuti asamale shuga, amangolawa chidutswa n'kupatsa mdzukulu chotsalacho.

Nyengo, nyerere ndi dzuwa la Lachisanu

Pa tsiku louma mabisiketi amalimba pakatha mphindi 30 mpaka ola limodzi ali pamthunzi. Shuga amakoka chinyezi cha mumpweya, choncho m'dzinja mvula ikamagwa tsiku lonse, kapena chiperoni chikakuta phiri la Soche mu Juni ndi Julayi, amachedwa kuuma ndipo pamwamba pamanyowa. Masiku otere onjezerani masekondi 15 kapena 20 pa kuwira, ndipo muumitsire m'nyumba mawindo ali otseka. Mu Okutobala vuto limakhala lina: kutentha kumafewetsa majarini ndi marshmallow, ndiye thireyi ikhale pansi pa simenti m'chipinda chozizira. Furiji imathandiza magetsi akakhalapo, koma siikonza manyuchi osapsa. Amalimba ali mkatimo, n'kubwerera kukhala phala mukangowatulutsa.

Ngati mukupangira Sabata, werengerani chammbuyo kuchokera pa kulowa kwa dzuwa. Ku Blantyre mu Juni dzuwa limalowa itangodutsa 5 koloko pang'ono, pamene mu Januwale limafika mpaka kupitirira 6 koloko. M'nyengo yozizira moto uyake isanakwane 3 koloko, kuti mabisiketi aume, alowe m'chitini, poto atsukidwe. Kwathu tinaphunzira izi tsiku lina pamene tinatsegula Sabata thireyi idakali pakati pa balaza, aliyense akuimba diso lili pomwepo.

Zikalakwika musataye. Zofewa kwambiri muzikulunge timipira ndi manja opaka mafuta, n'kuzigubuduza mu nsinjiro zokazinga kapena mu kokonati wouma. Zofumbutuka muziwaze pa phala m'mawa. Zabwinobwino muike m'chitini chotseka kwambiri, tsamba kapena pepala pakati pa mizere, ndipo zimakhala masiku anayi kapena asanu. Chitinicho chikhale pa mbale yokhala ndi madzi, chifukwa nyerere za ku Manje zimamva fungo la koko zili kwa aneba.

Kwa ofuna kugulitsa, phunziro limene ndinalipeza mochedwa ndi lakuti muziwerengera zimene zalowa mu poto, osati zimene mwalipira pasitolo. Paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi imapanga maulendo awiri n'kutsalako, majarini wa magalamu 500 amapanga anayi, kachitini ka koko kamapitirira apo. Lembani mtengo wa gawo lililonse, onjezerani makala, zokulungira ndi thiransipoti yokagula marshmallow, mugawe ndi 30, osati 36, chifukwa ena amasweka ndipo anzanu a m'chipinda "amalawa". Marshmallow ndi oats ndi zimene zimakweza mtengo, choncho ine ndimagulitsa mitundu iwiri pa mitengo iwiri, ndipo wa mtedza ndi umene umatha msanga kumapeto kwa mwezi. Muziuza wogula aliyense kuti muli mtedza, chifukwa pali anthu amene thupi lawo limadana nawo koopsa. Ngongole musapereke pa tsiku loyamba.

Poto akatha musamuviike m'madzi msanga. M'mbali mwake mumatsala chikhokho cha chokoleti chokhuthala. Thiranimo kapu ya mkaka, mubweze pa makala otsala aja, mutakase ndi mthiko womwewo mpaka poto atayera. Kwathu kapu imeneyo ndi ya amene anakupiza moto, ndipo n'chifukwa chake mng'ono wanga, amene amathawa ntchito ina iliyonse ya pakhomo, Lachisanu lomaliza la mwezi amapezeka atakhala kale pafupi ndi mbaula, chivundikiro cha ndowa chili m'manja.